Za mwana uja wogubuduzika pansi

Eya alamu, ndamvera voisi yanu. Mukufunsa ngati kupsa mtima kwa atate ake ndiko kukuchititsa kuti mwana wa zaka 6 azimenya anzake ndi kudzigwetsa pansi mukamukaniza kanthu. Mbali ina inde, mwana amabadwa ndi mtima wake, wina wofatsa, wina wamoto. Koma chachikulu amaphunzira zomwe zimamuyendera.

Taonani pa kantemba paja. Wafuna chitumbuwa, mwati ayi. Walira, mwakalipa, iye wakweza mawu, anthu akucheuka, manyazi akugwirani, mwatulutsa K2. Basi, waphunzira kuti kukuwa kumagula, mawa adzayambira pomwepo. Ndipo kholo lotopa, la nkhawa kapena losachedwa kukwiya ndilo limagonja msanga. Diana Baumrind, amene anafufuza za kaleredwe m'zaka za m'ma 1960, anapeza kuti ana amene amachita bwino ndi a makolo achikondi koma osasunthika pa lamulo, osati aukali okhaokha kapena olekerera.

Ndiye chitani tere. Sankhani khalidwe limodzi kaye, kumenya anzakeko. Polamula, njutani mufanane naye msinkhu, mumuyang'ane m'maso, munene chinthu chimodzi chomveka: "ika ndodo pansi", osati "khala bwino iwe". Werengani chamumtima kufika 10. Akakana, chenjezo limodzi lokha, kenako akakhale pa mpando pamalo opanda zoseweretsa mphindi 6, mphindi imodzi pa chaka chilichonse. Musamulalikire ali pamenepo. Masiku oyamba adzakuwa kuposa kale, akuyesa ngati mwatsimikiza, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalekera. Mukamuona akugawana ndi mng'ono wake, muyamikireni pomwepo, mutchule chimene wachita.

Chikwapu chimamuletsa lero lokha, mawa amakabwezera kwa wamng'ono kwa iye. Komanso lamulo la za ana la kuno ku Zambia, Children's Code Act ya 2022, linaletsa kulanga mwana pomumenya.

Koma alamu, agogo akewo! Inu mwalanda foni, iwo akumupatsa yawo kuseri, palibe chingagwire. Mukhale pansi atatu ndi atate ake, lamulo likhale limodzi. Muonenso tulo, wa msinkhu umenewu amafunika maola 9 mpaka 12.

Zikapitirira miyezi 6, aphunzitsi nawonso akudandaula, pitani naye ku kiliniki, akaona kuti n'zofunika adzakutumizani ku Chipata Central Hospital. Pa 116 mungaimbenso, ndi Childline, foni yothandiza pa nkhani za ana, sadula ndalama.