Harrier kapena Fit: amayi akakhala pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 49 ku Lilongwe. Ndaifupikitsa pang'ono: "Achimwene, ndagulitsa Vitz yanga ndipo ndikufuna ina. Mtima wanga uli pa Toyota Harrier ya 2014, koma mayi a kunyumba akuti tigule Honda Fit ya 2015, ndalama yotsalayo ipite ku malata a nyumba yomwe tikumanga. Tili ndi ana awiri, ndipo mwezi ndi mwezi ndimakatenga amayi ku Ntcheu kuti adzaonane ndi dokotala kuno. Amavutika mawondo ndi msana. Kodi Harrier ndi yaikuludi mkati, kapena ndi maonekedwe chabe? Nanga mipando yake?"

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi manambala, chifukwa pa nkhani ya galimoto maso amatinamiza kwambiri. Harrier ya 2014 ndi yaitali mamita 4.72, pamene Fit ya 2015 ndi pafupifupi mamita 3.96. Mukaziimika pamodzi pa Gateway Mall, Harrier ipitirira ndi masentimita 76, ndipo aliyense wodutsa anena kuti mwini wake zake zinayera. Koma anthu sakhala pa boneti. Malo a anthu ali pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo mpata umenewo pa Harrier ndi mamita 2.66, pa Fit ndi 2.53. Kusiyana kwake ndi masentimita 13 basi, osafika n'komwe kutalika kwa foni yomwe mukuwerengerayo. Utali wina wonsewo wathera ku mphuno ndi ku buti.

Komanso a Honda anachita nzeru imodzi kuyambira pa Fit yoyamba ya 2001. Thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, pomwe m'galimoto zambiri imakhala pansi pa mpando wakumbuyo. N'chifukwa chake kumbuyo kwa Fit pansi pake m'potsika, mapazi amapeza malo, ndipo pokhalira pa mpando wakumbuyo mutha kupatukula n'kupaimika chilili. Ine ndinanyamulapo mbande za mango zofika m'chiuno zitaimirira, osathyoka tsamba ndi limodzi lomwe. Mukagoneka mipandoyo, matumba a chimanga atatu amalowa popanda kukangana ndi chitseko. Ndine wamtali ndithu, koma ndikakhala kumbuyo kwa Fit, mpando wa dalaivala uli momwe ndimauikira ndekha, pakati pa bondo ndi mpandowo pamalowa chibakera. Mu Harrier mpata ulipo wochulukirapo, inde, koma osati wa mtengo umene mukuwonjezerawo.

Ndiye ngati funso likanakhala la miyendo lokha, mayi a kunyumba akanawina mlanduwu basi.

Pamene Fit imagonja ndi m'lifupi. Ku Japan galimoto zazing'ono zili ndi gulu lake, ndipo kuti ikhale m'gululo isapitirire mamita 1.7 m'lifupi. N'chifukwa chake Fit, Vitz, Demio ndi Note za kumeneko zonse zimathera pa mamita 1.695. Harrier ndi 1.835. Masentimita 14 amenewa amamveka m'mapewa. Chaka china ndinatenga azakhali atatu kupita ku maliro ku Dedza pa Fit, onse anthu a thupi, aliyense ndi chikwama pamiyendo. Tisanafike pa Nathenje wapakati anali atapendekera kale kutsogolo, phewa limodzi lili pamwamba pa mnzake, akufunsa ngati tatsala pang'ono. Pobwerera anakwera galimoto ina osatsanzika. Ana awiri kumbuyo kwa Fit ndi mafumu. Akuluakulu atatu ndi chilango.

Tsopano za amayi, pomwe ndikuona kuti pagona funso lanu lenileni. Kwa munthu wa mawondo, chimene chimapweteka kwambiri ndi kulowa ndi kutuluka. Mpando wa Harrier uli pafupi ndi chiuno cha munthu woimirira. Amayi angotembenuka, kukhala, kenako kulowetsa miyendo umodziumodzi. Potsika angotsetsereka mpaka mapazi afike pansi. Mu Fit mpando ndi wotsikirapo, choncho pokhala amakhala ngati akugwera pansi pang'ono, ndipo podzuka mawondo omwewo ndi amene amanyamula thupi lonse. Sizofanana ndi saluni zomwe mumachita kuwakoka dzanja, Fit ndi yokwererako kuposa pamenepo, koma kusiyana kulipo ndipo munthu wodwala amakumva.

Musatengeke n'kumati ndiye Prado ingaposenso. Prado inamangidwa pa chasisi ngati lole, pansi pake m'pokwera, ndipo gogo amachita kukwera sitepe atagwira chogwirira uku wina akumukankha kumbuyo. Mipando yake ya mzere wachitatu nayo ndi ya ana, munthu wamkulu mawondo amafika pachifuwa.

Mpando weniweniwo nawo ndi wosiyana. Wa Harrier pokhalira pake m'patali, pamagwira ntchafu mpaka pafupi ndi bondo, siponji yake ndi yochindikala, ndipo chotsamira chakumbuyo chimapendekeka kuti munthu agoneko. Wa Fit anaupanga wopyapyala kuti uzipindika, ndipo zimenezi mumazilipira pa ulendo wautali. Kuchoka ku Area 49 kupita ku Old Town simungamve kanthu. Ulendo wa ku Ntcheu, makilomita pafupifupi 160, munthu amayamba kusuntha matako asanafike pa Dedza.

Onjezani msewu. Kumbuyo kwa Fit matayala awiri analumikizidwa ndi chitsulo chimodzi, ndiye lina likagwa m'dzenje linzake limamva, ndi msana wa wokwera womwe. Pa Harrier tayala lililonse limayenda palokha, matayalawo ndi aakulu, ndipo dzenje lomwelo limangomveka ngati chitseko chatsekedwa kuchipinda china. Phokoso la msewu nalo n'lochepa, mutha kucheza ndi amayi osakweza mawu. Pa mahampu ndi pa msewu wafumbi wolowera kumudzi, Fit yodzadza imakhula mimba, Harrier imangodutsa.

Koma samalani, mawu oti galimoto yapamwamba asakugonetseni tulo. Zina mwa izi anazipanga kuti zizioneka bwino panja. Range Rover Evoque denga lake limatsika kumbuyo, mawindo ndi ang'onoang'ono, ndipo ine nditakhalamo ndinamva ngati anditsekera m'kabati. BMW X6 itatuluka mu 2008 inali ndi malo a anthu anayi okha. Harrier yanuyo ikakhala ya denga la galasi, dziwani kuti galasilo limadya malo a mutu. Mipando yachikopa nayo ndi yokoma m'maso, koma siyani galimoto padzuwa mu Okutobala ku City Centre kwa maola awiri, mudzakhalira m'mphepete ngati mlendo wamanyazi. Ya nsalu ilibe mwano umenewo, ngakhale fumbi la Lilongwe limaikonda. Ndipo mukaona yovekedwa marimu aakulu ndi matayala opyapyala, ithaweni, kufewa konse ndanenaku kumathera pomwepo.

Chinanso, zonse ziwirizi ndi galimoto za zaka zoposa khumi. Harrier yomwe ma shock ake anatha ndipo siponji inaphwa mbali ya chitseko imagonja kwa Fit yosamalidwa bwino. Ndaonapo zambiri zotere, kunja kukuwala, mpando wa dalaivala utalowa ngati mtondo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mukufuna Harrier chifukwa cha malo, simukupezapo zambiri, ndipo mayi a kunyumba akunena zoona: injini ya 2.0 ndi ya 1.3 sizimwa mofanana, msonkho wake ndi wosiyana, matayala anayi a Harrier ndi ndalama ya malata angapo. Koma ngati mukuifuna chifukwa cha amayi, chifukwacho n'chomveka, ndipo ndi chokhacho chomwe ine ndingalolere kuti nyumba idikireko. Ikapambana Fit, amayi azikhala kutsogolo nthawi zonse, mpando mutaubweza kumbuyo, ndi kapilo kolimba pansi kuti akwereko pang'ono, ndipo muziima pa Dedza awongole miyendo.

Musanapereke ndalama, dikirani tsiku lomwe amayi ali kuno. Pitani nawo komwe kuli galimotozo, ana ndi mayi awo omwe. Ikani mpando wa dalaivala momwe mumayendetsera, aliyense akhale pamalo pake, muyende mphindi makumi awiri pa msewu wa mahampu. Amayi alowe ndi kutuluka katatu m'galimoto iliyonse inu osawagwira dzanja. Musawafunse kuti ili bwanji, chifukwa anena kuti zonse zili bwino mwanawe, kuopa kukuwonongetsani ndalama. Muziyang'ana nkhope yawo pamene akudzuka kachitatu.