MGB ya 1966 ikugaya giya yachiwiri, masipeya ndiwapeza kuti?

Funso: Bwana makaniko, bambo anga asanamwalire anandisiira MGB ya 1966 ija yopanda denga, yakhala mu galaja kuno ku Zomba zaka zambiri ndithu koma chaka chatha tinaidzutsa ndipo injini ikulira bwinobwino. Vuto ndi giyabokosi. Ndikamalowetsa giya yoyamba galimoto ikuyenda imakukuta mano, yachiwiri nayo imagaya makamaka ndikamatsika kuchoka pa 3, komanso pa 1 ndi pa rivesi pamamveka kaphokoso ngati kakugogoda. Makaniko wina wandiuza kuti masipeya a galimoto imeneyi anatha kalekale, bola angoikamo giyabokosi ya Toyota. Ndili ndi mlongo wanga ku Leicester amabwera mu December, mwina angathandize? Nditani?

Yankho: Achimwene, choyamba pepani ndi za bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanalole munthu kuyamba kudula ndi kuwotcherera pansi pa galimotoyo. Zoti masipeya anatha si zoona ayi. MGB anaipanga ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, zinatuluka zoposa 500,000, nde mwa galimoto zakale zamtundu umenewu iyi ndi imodzi mwa zosavuta kupezera zinthu. Makaniko wanuyo akunena za mu shopu za ku Limbe, kumeneko zoona simukapeza olo washala.

Koma tisanafike kogula, pa mavuto atatu mwatchulawo limodzi si vuto. Yanuyo ya 1966 ili ndi giyabokosi yomwe amaitcha 3-synchro, kutanthauza kuti synchro, mphete zija zofananitsa liwiro la magiya kuti alowe osagaya, ili pa 2, 3 ndi 4 basi, pa 1 palibe, anangoipanga choncho. Ya synchro pa magiya onse anayi inabwera kumapeto kwa 1967. Nde kukukuta mukamakakamiza giya yoyamba galimoto isanaimiretu, imeneyo ndi mbadwa yake, bambo anu ankadziwa zimenezo, imani kaye kenako gusitsani pa 2 pang'ono musanapite pa 1 kapena pa rivesi, muona ikulowa mwaulemu. Kakulira kaja ka fyiii pa giya yoyamba nakonso nkachibadwa poti mano ake ndi owongoka. Chondidetsa nkhawa ine ndi kugogodako.

Musanatsitse chilichonse chitani zinthu ziwiri zosadya ndalama. Yesani klachi: injini ikulira, pondani mpaka pansi, werengani mpaka 4, lowetsani rivesi. Ikagayabe ndiye kuti klachi sikulekanitsa bwino, ndipo klachi yotero imachititsa giyabokosi yabwinobwino kuoneka ngati yatha. Galimoto yoti yagona zaka, kawirikawiri marabala a mu master ndi slave cylinder, timapampu tiwiri toyendetsa klachi, amakhala atafooka, kapaipi karabala kaja katupa mkati, ndipo kapini ka pa pedulo kadyeka. Wina aponde inu muli pansi muyeze kandodo ka slave, kaziyenda pafupifupi theka la inchi, cha m'ma 12 mm. Chachiwiri khuthulani oyilo mu beseni loyera. Giyabokosi ya MGB imamwa oyilo wa injini, 20W50 yemweyu, osati oyilo wolemera wa difu uja, ndipo ndaonapo kangapo anyamata athiramo wa 90 poganiza kuti giya ndi giya basi, kenako synchro nkuyamba ulesi makamaka mmawa kukazizira, ndipo ku Zomba kwanuko mu June mukudziwa nokha. Mukakhuthula yendetsani maginito mu beseni muja. Kafumbi kosalala ngati phala pa chala si nkhani, konyezimira ngati golide ndiye mphete za synchro zikutha, koma mukatola tizidutswa tolimba ngati njere za mpunga amenewo ndi mano athothoka.

Ine kugogoda kwa pa 1 ndi rivesi kokha ndikukaikira laygear. Imeneyi ndi giya yaitali ya pansi yokhala ndi magulu a mano pamtengo umodzi, ndipo mano ake a kumapeto ndi omwe amagwira ntchito ya giya yoyamba ndi rivesi, omwewo ndi amene amalandira chilango chonse anthu akamakakamiza. Imazungulira pa shafuti yotchedwa layshaft ndi tima beringi ting'onoting'ono ngati singano. Ina yomwe ndinatsegulapo ine, shafutiyo inali itakumbika mizere yoti chikhadabo chimakodwa, dzino limodzi la laygear litatheka pakati, chidutswa chake tinachipeza chitagona pansi mmatope a oyilo, mwini wake nkumati inangoyamba dzulo. Aaa dzulo lake liti.

Nde pamenepa ndi pomwe anthu amataya ndalama: kuitanitsa katundu giyabokosi isanatsegulidwe. Musatero chonde. Mu 3-synchro momwemo muli kusiyana, zoyambirira ndi zomalizira layshaft yake si yofanana kukula, mphete ya synchro ya giya yachiwiri ilipo ya bulasi ilipo yachitsulo ndipo iliyonse ili ndi giya yakeyake yoyendera nayo, simungasakanize. Ngakhale shafuti ya kutsogolo yolowa mu klachi imasiyana malingana ndi injini, 18G ndi 18GA zakale ndi zina, 18GB yomwe ikuyenera kukhala mu yanuyo ndi ina. Ndikuti "ikuyenera" chifukwa galimoto ya zaka pafupifupi 60 simungalumbire kuti palibe anasinthapo kanthu. Tsono tsitsani, ndipo pa MGB njira yosavutitsa ndi kuzula injini ndi giyabokosi limodzi, tsegulani, tsukani ndi parafini, yalani pa katoni mmene zatulukira, jambulani chilichonse, werengani mano, yezani shafuti ndi vernier, lembani nambala ya injini ndi manambala odindidwa pa laygear. Mukatero ndi pomwe mulembere ogulitsa. Kanthu kena, mabawuti ake ndi a mainchi, pezani masipanala a 7/16, 1/2 ndi 9/16, ya 13 ija imaoneka ngati yakwana pa 1/2 koma imangokulungiza mutu.

Kogula ku UK kulipo kodziwika: Moss Europe, Rimmer Bros ku Lincoln, Brown & Gammons ku Baldock, komanso MG Owners' Club ili ndi shopu yake ya masipeya pafupi ndi Cambridge. Mabuku awo a masipeya ali pa intaneti ndi zithunzi zoonetsa kachidutswa kalikonse ndi nambala yake, muwagwiritse ntchito olo musanagule, amathandiza ngakhale pomanga. Mlongo wanuyo apa ndi mgodi. Mphete za synchro, maberingi, layshaft, ma thrust washer, masilu, magasiketi, timasipiringi ndi timipira ta ma selector, zonsezi ndi kaphukusi kolowa mu chikwama osadandaula, laygear nayo imanyamulika. Ndipo poti injini ili kale pansi onjezerani klachi yonse ndi release bearing yake, ija ndi ya kaboni imadyeka ngati choko munthu akazolowera kutsamiritsa phazi pa pedulo, ndi chitsiru chokha chomwe chimabwezeramo yakale nkudzazulanso injini pakatha miyezi itatu. Malisiti asunge, akafunsidwa pa kasitomu pa Chileka kapena pa KIA asakasowe choonetsa. Laygear ndi giya yoyamba za 3-synchro ndi zomwe zimadula ndipo pena zimasowa, zikasowa funsani anthu a makalabu a MG ku South Africa, ku Johannesburg ndi Cape Town alipo ndithu ndipo anthu oterowo sataya chitsulo. Mukamva kuti kwinakwake kwagona Morris Oxford kapena Austin Cambridge yakale pitani mukaione, giyabokosi zake ndi banja limodzi la BMC, kampani yomwe inkapanganso MG, ndipo zamkati zina zimagwirizana, koma muyeze kaye osangokhulupirira.

Giyabokosi yathunthu yokonzedwa kale amagulitsanso, koma ambiri amafuna muwapatse yanu yakale posinthana, mukapanda kutero mtengo umakwera, nde onjezani kulemera kwake pa ndege ndi msonkho, kwa ife kuno sizimatuluka bwino. Ya 4-synchro ndi yolimba kuposa yanuyo zoona ndipo yotchipa kuipeza, koma ndi yonenepa, pa bodi ya 1966 mpaka mumenye kapena kudula tanelo, chitunda chija cha pakati pa mipando chophimba giyabokosi, musinthe mbale ya kumbuyo kwa injini, fulayiwilo ndi sitata. Ndi ntchito.

Za magiya asanu, ngati mtima uli pamenepo njira yoyesedwa ndi Ford Type 9 ya mu Sierra, ndipo Sierra zinali mbwee ku South Africa, kapena ya Mazda MX-5 yomwe kampani ya Vitesse ku UK imagulitsa ndi zonse zake. Izi zimabwera ndi bellhousing yopangira injini ya MG, propshaft ndi zomangira, mumangomanga ndi mabawuti. Zimenezo ndi zosiyana kutalitali ndi zoti munthu atenge giyabokosi ya Toyota pa sikirapu nkuyamba kubowola mbale ndi diso, shafuti ikangophonya pakati pang'ono pokha muzidya maklachi ndi maberingi mpaka mudane nayo galimoto ya bambo anu. Ineyo ikanakhala yanga ndikanakonza yomweyo, kukwera phiri la Zomba giya yachisanu mukaigwiritsa ntchito pati?

Funso: Pa dashibodi pali kaswitchi kolembedwa overdrive koma ndikakankha palibe chimachitika, nayonso yafa?

Yankho: Eee nde muli ndi mwayi, si zonse zinatuluka nayo. Imeneyo ndi overdrive ya kampani ya Laycock ya mtundu wa D, imamangidwa kumchira kwa giyabokosi ndipo imagwira pa 3 ndi 4, ikagwira injini imatsika ma rev pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, ndiye giya yachisanu muli nayo kale apa. Zambiri zomwe zimati zafa vuto limakhala la magetsi kapena oyilo wachepa, poti imagwira ndi mphamvu ya oyilo yemwe uja wa mu giyabokosi. Tsegulani kiyi injini osaliza, ikani pa 4, kankhani switchi, mumve ngati solenoid, kachipangizo kamagetsi kolowetsa overdrive, ikuti "tha" pansipo. Kukakhala zii tsatani waya ndi tesita, relay, ndi kaswitchi kena kali pamwamba pa giyabokosi komwe kamaletsa overdrive kugwira pa 1, 2 ndi rivesi. Kameneko musalole munthu akadumphitse ndi waya kuti zingoyenda, overdrive ikagwira muli pa rivesi imaphwanya zamkati nthawi yomweyo. Sefa yake itsukeni, ndipo polembera ogulitsa aja muwauze kuti yanu ndi ya overdrive chifukwa mainshaft ndi magasiketi ena ndi osiyana ndi yopanda.