Kufulula porter m'kutentha kwa ku Mangochi

Bambo wina wa ku Mangochi Boma watitumizira imelo. Akuti anafulula mowa wakuda wa porter wa malita 10 mu Novembala, chimera chakuda anakazinga okha, koma mowawo unatuluka wonunkha thinner, wowawa ngati phulusa, ndipo mabotolo awiri anaphulikira m'kabati. Akufunsa kuti chinalakwika n'chiyani, komanso ngati chimera cha mapira chingalowe m'malo mwa cha balere.

Bambo, chachikulu chimene chinakupwetekani ndi mwezi umene munasankha. Porter ndi mowa wa ku London, unatchuka kumeneko m'zaka za m'ma 1700, ndipo yisiti wake amafuna madigiri 18 mpaka 20. Mu Okutobala ndi Novembala kwathu kuno masana kumapitirira madigiri 30, ndiye onjezani kuti mowa ukayamba kuwira umadzitenthetsa wokha, m'chigubu n'kumatentha kuposa m'chipinda. Yisiti akatenthedwa chonchi amatulutsa makemikolo onunkha otchedwa ma fusel ndi ethyl acetate. Fungo la thinner lija ndi limenelo. Silichoka ngakhale mowa muusunge miyezi ingati.

Njira yosavuta ndi kudikira Juni kapena Julayi. Ngakhale nthawi imeneyo, chigubu chikhale m'beseni la madzi, muchikute ndi chitenje chimene m'munsi mwake mwamira m'madzimo kuti chizikhala chonyowa. M'besenimo muziponyamo mabotolo awiri a madzi oundana, m'mawa ndi madzulo. Masiku atatu kapena anayi oyamba ndiwo ofunika kulondera, chifukwa fungo loipa limapangika yisiti akamaswana. Mukapyola pamenepo, madigiri akakwera kufika 23 palibe chodandaula. Anzathu a ku Namwera, kumtunda kozizirirako, savutika kwambiri ndi zimenezi.

Ngati simungadikire chisanu, itanitsani yisiti wa kveik wa ku Norway, monga Voss. Ameneyu amawira bwinobwino pa madigiri 30 mpaka 38. Amasiya kafungo ka lalanje kamene si ka porter wa ku London weniweni, koma m'chilimwe cha kunyanja ine ndingasankhe ameneyu kusiyana n'kulimbana ndi beseni magetsi akuzimazima. Yisiti wa buledi musamuyese n'komwe.

Miyeso ya malita 10 ndi iyi: chimera cha balere choyera cha pale makilogalamu 2, ndi zimera za balere zokazinga izi: crystal magalamu 200, chocolate magalamu 150, black magalamu 50. Izi mukhoza kuitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa oyenda pa basi, pamodzi ndi hops (maluwa ouma owawitsa ndi kununkhiritsa mowa) ndi yisiti. Chimeracho chingophwanyidwa, chisakhale ufa. Mukapita nacho kuchigayo chibwera ngati mgaiwa ndipo sichidzasefeka.

Tenthetsani madzi malita 7 kufika madigiri 73, ikani thumba la nsalu yopyapyala mumphika, thiranimo chimera mukutakasa kuti pasakhale zibuma. Kutentha kutsike kufika 66 kapena 67. Vundikirani, kulungani mphika m'bulangete, siyani ola lathunthu. Mukapitirira 72, mphamvu yosandutsa sitachi kukhala shuga woti yisiti adye imafooka ndipo mowa umatuluka wolemera, wotsekemera, wopanda ukali. Ola likakwana tukulani thumba, litsukuluzeni ndi malita 8 a madzi a madigiri 76. Mupeza malita oposa 12. Wiritsani ola limodzi osavundikira, hops wa Fuggles kapena East Kent Goldings magalamu 25 akulowa poyamba kubwadamuka, magalamu 10 ena kutatsala mphindi 10.

Madzi a pampopi ali ndi chlorine, ndipo ikakumana ndi yisiti mowa umanunkha kuchipatala. Awiritseni dzulo lake, agone osavundikira. Madzi a pamjigo okhala ndi laimu amayenderana bwino ndi chimera chakuda, bola asakhale a mchere.

Mukaphula, ziziritsani msanga. Madzi a kuno ndi ofunda, sangakufikitseni pa 20, choncho gulani ayezi wa buloko amene a geni ya chambo amagwiritsa ntchito, muzunguze naye mphika m'beseni. Asalowe mumphika. Kuyambira apa chilichonse chokhudza mowa, kaya chigubu, supuni kapena paipi, chiviikidwe mphindi 20 m'madzi malita 4 othira supuni imodzi yaikulu ya Jik wopanda fungo, n'kutsukuluzidwa ndi madzi owiritsa. Khuthulirani mowawo m'chigubu, thirani theka la paketi ya yisiti ya magalamu 11, tsekani, kapaipi kochokera pachivindikiro kamire m'botolo la madzi. Hydrometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa shuga mumowa, iwerenge pafupifupi 1.050.

Tsopano za phulusa lija. Chimera cha black chinayamba kupezeka Daniel Wheeler atapanga mu 1817 mgolo wozungulira wokazingira, ndipo ubwino wake unali woti njere zonse zimapsa mofanana osayaka. Chiwaya pambaula sichingatero. Zapansi zimanyeka pamene zapamwamba zikadali zofiira. Ngati mukazinga nokha, musalimbane n'kufika pa black. Tengani magalamu 400 a pale, moto wa makala ochepa, muzitakasa osaleka dzanja. Muziluma njere nthawi ndi nthawi: mkati mukaoneka mtundu wa khofi, phulani. Njere zimene zikunyenyeka n'kudetsa zala zatha ntchito, zitoleni mutaye. Kenako zisiyeni m'thumba la pepala milungu iwiri kuti utsi uchoke. Mowa wake udzakhala wabulauni wodera, wosafika pa kuda kwa Carlsberg Stout, koma wokoma pakhosi. Ndi uvuni n'kosavuta: madigiri 200, mphindi 40 mpaka ola, mukutembenuza mphindi 10 zilizonse.

Mapira angathandize, koma asakhale okha. Sitachi wake amafuna kutentha kopitirira madigiri 70 kuti afewe, pomwe mphamvu ya chimeracho imakhala itayamba kufa, ndiye shuga amatuluka wochepa. Ikani magalamu 500 m'malo mwa pale wofanana naye, muwaphike kaye paokha ngati phala, n'kusakaniza ndi balere phalalo litazizirako. Mizu ndi mphukira zake muzifikise ziume zichoke, mupete bwino, chifukwa m'menemo mumakhala poizoni wa cyanide komanso kuwawa.

Mabotolo anaphulika chifukwa munathiramo mowa usanamalize kuwira, kapena shuga anachuluka. Kuleka kwa thovu si umboni. Dikirani masiku 14, yesani ndi hydrometer kawiri motalikitsa masiku atatu. Ikaima malo amodzi, cha pa 1.012, mowa wapsa ndipo mphamvu yake ili pafupifupi 5 peresenti. Sungunulani shuga magalamu 50 m'kapu ya madzi owira, asakanizeni ndi mowa wonse mundowa yoyera, musamathire ndi supuni m'botolo lililonse. Limodzi mwa mabotolowo likhale la pulasitiki la Coca-Cola. Muzilifinya tsiku ndi tsiku, ndipo likalimba gwa, mpweya wakwana, onse apite mufiriji kapena pamalo ozizira kwambiri m'nyumbamo. Kuno zimenezi zimatenga sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, koma porter amayamba kukoma pakatha milungu inayi, ukali wa chimera chokazinga utafatsa.