Za dzina ndi chishango chanu ku SCA: musagule penti kaye

Achemwali, mwati mwalowa gulu la SCA uko ku Britain, mukufuna kulembetsa dzina loti Kalonga Phiri, ndipo pachishango mukufuna dzuwa lofiira pamalo akuda, chisoti chachifumu chili pamwamba. Mwafunsa ngati zidutsa. Mmene zililimu sizidutsa, koma zambiri zingathe kukonzeka, bola musanayambe kusoka mbendera kapena kupenta chishangocho.

Kwa ena m'gulu muno amene simukudziwa, SCA, kapena kuti Society for Creative Anachronism, inayamba mu 1966 ku Berkeley, California. Anthu ake amavala, kuphika ndi kumenya nkhondo zamasewera monga zinkachitikira chaka cha 1600 chisanafike. Anagawa dziko m'maufumu, ndipo Britain ili mu ufumu wa Drachenwald pamodzi ndi Ulaya yense ndi Africa. Kulembetsa dzina si lamulo. Mukhoza kupita ku zochitika zawo zaka ndi zaka anthu akukutchulani mmene mufunira. Kulembetsa kumangothandiza kuti dzinalo ndi chishangocho zikhale zanu nokha m'kaundula wa gulu lonse.

Tiyambe ndi dzina, chifukwa ndi pamene pali ntchito. Bungwe loona za mayina limatchedwa College of Arms, ndipo limatsata malamulo otchedwa SENA amene anayamba kugwira ntchito mu 2012. Funso lawo lalikulu ndi ili: kodi pali chikalata chakale chosonyeza kuti munthu weniweni ankatchedwa motero 1600 isanakwane? Amalandiranso zolembedwa mpaka 1650, poganiza kuti munthu wotchulidwa nthawi imeneyo ayenera kuti anabadwa kale. Dzina likhale ndi zigawo ziwiri kapena kuposerapo, la munthu mwini ndi lina lomusiyanitsa ndi anzake, monga la bambo ake, la kwawo kapena la ntchito yake. Zigawozo zikhale za nthawi yoyandikana: zisatalikirane zaka zoposa 500 ngati zili za chigawo chimodzi cha zinenero, ndipo zaka 300 ngati mukusakaniza zinenero za anthu amene ankayenderana.

Kalonga ndiye akukanitsani. Si dzina lobadwa nalo, ndi udindo wa mfumu yaikulu ya Amaravi, ndipo m'gulu limeneli simuloledwa kudzipatsa udindo kudzera m'dzina. Maufumu ndi maulemu onse kumeneko amachita kupatsidwa. Mwina mungaganize kuti azungu aja sadziwa tanthauzo lake, koma pakati pa anthu oyang'ana mapepala pamakhala akatswiri okonda kufufuza, ndipo mawu ngati amenewa sachedwa kuwapeza.

Phiri ali ndi njira yake. Malamulo amalola kutenga chigawo cha dzina lanu lenileni popanda umboni wakale, mungosonyeza pasipoti kapena chiphaso china cha boma. Ngati Phiri ali pa pasipoti yanu, ameneyo walowa. Chimene salola n'kulembetsa dzina lanu lonse monga lilili, payenera kukhala kusiyana. Ndiye mungathe kupeza dzina loyamba lokhala ndi umboni n'kuliphatikiza ndi Phiri.

Mukafuna kuti dzina lonse likhale la kwathu, konzekerani kuwerenga. Makolo athu mayina ankawasunga pakamwa, ndipo amene analemba za m'chigwa cha Zambezi nthawi imeneyo ndi Apwitikizi. Wansembe João dos Santos anatulutsa buku lake la Ethiopia Oriental mu 1609, ndipo Gaspar Bocarro anayenda kuchokera ku Tete kukafika ku Kilwa mu 1616 n'kudutsa kwa mfumu Muzura. Zaka zonsezi zili mkati mwa nthawi yololedwa. Vuto n'lakuti Apwitikiziwo ankalemba kwambiri za mafumu, osati za anthu wamba, ndiponso ankalemba monga khutu lawo linamvera. Mukapezamo dzina, mudzalilembetsa m'kalembedwe ka m'chikalatacho, osati ka Chichewa cha lero. Ineyo ndimaona kuti lamuloli limapepukira anthu a mayiko amene anali ndi mabuku a ubatizo ndi a msonkho, moti wofuna dzina la Chingerezi amalipeza madzulo amodzi. Komabe khomo silotseka, mayina a Chijapani, Chiarabu ndi Chimongoliya analembetsedwa kale.

Tsopano chishango. Ndaona kumene mwatenga dzuwa lofiira pakuda, ndi mbendera yathu. Koma pa zishango pali lamulo lakale la mitundu. Mitundu yowala ndi iwiri, golide amene amajambulidwa wachikasu ndi siliva amene amajambulidwa woyera. Yodera ndi yofiira, yabuluu, yobiriwira, yakuda ndi yapepo. Chodera chimakhala pa chowala, chowala pa chodera, kuti munthu ali kutsidya kwa bwalo, fumbi lili koboo, adziwe kuti akubwerayo ndani. Chofiira pakuda chimazimirira. Tayang'anani chizindikiro cha boma la Malawi chimene chili pa pasipoti yomwe ija: dzuwa lili pakuda ndithu, koma ndi lagolide, ndipo mkango wagolide uli pamalo ofiira. Amene anachikonza ankalidziwa lamuloli. Inunso sinthani dzuwa lanu likhale lagolide, kapena lisiyeni lofiira koma malo ake akhale oyera. Kungoti musakopere chizindikiro cha bomacho, chifukwa zizindikiro za mayiko n'zotetezedwa.

Chisoti chachifumu chichotseni, amachisungira amene anakhalapo pampando. Nkhata ya masamba a laurel ndi ya nthambi za gululi, si ya munthu payekha. Mtanda wofiira pamalo oyera wofanana ndi wa Red Cross nawo saulola.

Chotsala ndi kugundana ndi ena. Dzuwa lagolide pakuda n'lokongola, ndiye dziwani kuti ena analiganiza kalekale. Chanu chiyenera kusiyana ndi chilichonse cholembetsedwa, mwina pa kusintha kumodzi kwakukulu, monga kuika chinthu china kotheratu pakati, kapena pa kusintha kuwiri koonekera bwino, monga mtundu wa malo ndi kuonjezera mkombero m'mphepete. Pothawa kugundana musadzaze zinthu mbwee. Amawerenga mitundu ndi zinthu zonse pamodzi, ndipo zikapitirira zisanu ndi zitatu kawirikawiri chimabwezedwa.

Pitani kwa herald wa nthambi yanu, ndiye munthu wa ntchito imeneyi ndipo amathandiza mongodzipereka. Mupite ndi mayina awiri kapena atatu ndi zojambula zingapo. Iye akatumiza mapepala ku ufumu, kenako amaikidwa pa OSCAR, tsamba lawo la pa intaneti, pamene ma herald a maufumu ena amapereka ndemanga. Wogamula komaliza pa mayina ndi herald wa udindo wotchedwa Pelican, pa zishango ndi wotchedwa Wreath, onse pansi pa mkulu wawo wotchedwa Laurel, ndipo zotsatira zimatuluka m'kalata ya mwezi ndi mwezi. Zimatenga nthawi, kawirikawiri kupitirira theka la chaka. Pafomu pali malo ofunsa ngati mukulola kuti asinthe kalembedwe ka dzina lanu pang'ono. Pamenepo vomerani, apo ayi kachilembo kamodzi kakhoza kubwezetsa zonse n'kuyambiranso mzere.