Ukufuna kulondera magombe ndi setilaiti? Yamba wakonza masamu

Mtsikana wina yemwe akumaliza sekondale wandilembera kuti: "Ndinaona zithunzi za setilaiti zosonyeza mmene nkhalango za mangrove zikuthera m'mphepete mwa nyanja zamchere, ndipo mtima wanga unatsalira pomwepo. Ndikufuna kudzagwira ntchito ku NASA. Bambo anga akuti zimenezo ndi masewera, ndichite za udokotala. Masamu ndimakhoza mwa apo ndi apo. Nditani?"

Makalata otere amabwera chaka chilichonse nthawi yosankha maphunziro ikayandikira, ndipo dzina la NASA silisowamo. Mwana wanga, limenelo lichotse kaye m'mutu. NASA ndi nthambi ya boma la America yoona za m'mlengalenga, ndipo ntchito zake za boma zimapita kwa nzika za dzikolo. Komanso ntchito imene wayikondayo siyilira kuti ukakhale kumeneko. Setilaiti yoyamba ya Landsat, yojambula dziko lapansi, inaponyedwa m'mlengalenga mu 1972, ndipo kuyambira 2008 zithunzi zake zonse aliyense amatenga ulere. Setilaiti ya Sentinel-2 ya ku Europe, yomwe inayamba mu 2015, imajambulanso malo omwewo masiku asanu aliwonse, ndipo kadontho kamodzi pachithunzi chake kamaimira malo a mamita 10 mulitali ndi mulifupi. Zithunzi zilipo zochuluka. Amene akusowa ndi anthu odziwa kuziwerenga osanamizidwa nazo.

Kunamizidwako n'kosavuta. Masamba athanzi amabweza kwambiri kuwala kwa near-infrared, kumene maso athu saona, pamene madzi amakumeza. N'chifukwa chake malire a nyanja ndi mangrove, mitengo yomera m'madzi amchere a m'gombe, amaoneka bwino pakompyuta. Koma gombe silikhala phee. Ukatenga chithunzi chimodzi chojambulidwa madzi ataphwa, china chojambulidwa madzi atadzaza, n'kuziyerekeza osafufuza nthawi yake, udzalengeza kuti gombe lakokoloka pamene ndi nyanja yokha imene inakwera tsiku limenelo. Madzi akakhala amatope, udzu wa pansi pa nyanja umabisika ngakhale ulipo. Mitambo ikaphimba, umasiya chithunzi wamba n'kupita ku radar ya setilaiti ina, Sentinel-1, imene imaboola mitambo, ndipo imeneyo ili ndi kawerengedwe kakekake. Ukamaliza zonsezo umanyamula GPS ndi tepi yoyezera, n'kulowa m'matope ofika m'mawondo, udzudzu uli ng'wii m'makutu, kukaona ngati kadontho komwe kompyuta yati ndi mangrove ndi mangrovedi, kapena ndi mitengo ina ya kumtunda. Mapu osatsimikizidwa ndi phazi, wasayansi weniweni sawakhulupirira.

Tsono za masamu a "apo ndi apo" zija zandikhumudwitsa. Ophunzira ambiri mumakopeka ndi mitundu yokongola ya pachithunzi, koma kuseri kwake kuli manambala okhaokha. Mufunika statistics kuti mudziwe kuti mapu anu alakwa mochuluka bwanji, physics kuti mumvetse kuwala, ndi Python kapena R, zinenero zolembera mapulogalamu a pakompyuta, kuti muthe kupenda zithunzi mazanamazana. Ngati sukonza masamu chaka chino, usadzivute n'kuyamba.

Njira imene ndimayikhulupirira ndi digiri yoyamba yotakata: geography, surveying, kapena sayansi ya zachilengedwe, yokhala ndi GIS (kupanga ndi kupenda mapu pakompyuta) ndi remote sensing (kuyeza dziko uli patali, monga ndi setilaiti) mkati mwake. Usathamangire digiri ya dzina lokoma koma yopanikiza. Usanalembetse, funsa dipatimentiyo mafunso awiri: kodi ophunzira amagwira okha zithunzi zenizeni pakompyuta, ndipo kodi amapita kukayeza kumalo? Akayankha mozemba, pita kwina. Kuzama pa za magombe kumabwera pa digiri yachiwiri, ndipo pamenepo ndi pomwe ntchito yomwe unachita wekha imakutsegulira khomo.

Inu bambo, ndikulankhula nanu mwaulemu koma mosabisa. Udokotala ndi ntchito yabwino kwa amene akuyifuna. Mwana womukankhira m'kalasi imene mtima wake mulibe amangokoka miyendo, ndipo ena amasiyira panjira ndalama zitapita kale. Mukuti masewera, koma NOAA, nthambi ya boma la America yoona za nyanja ndi nyengo, imachenjeza kuti makorali, tizamoyo tomanga miyala ya pansi pa nyanja, atsala pang'ono kuyera chifukwa cha kudwala, pogwiritsa ntchito kutentha kwa madzi koyezedwa ndi setilaiti, ndipo pulojekiti ya Global Mangrove Watch ili ndi mapu a mangrove a dziko lonse lapansi kuyambira 1996. Nkhawa yanu ya ntchito yokha ndiyo ndikuyivomereza. Ntchito za magombe n'zochepa, zambiri ndi za kontrakiti yomwe imatha pulojekiti ikatha. Chomwe chimapulumutsa munthu n'chakuti luso lomwelo limafunikanso pa ulimi, nkhalango, madzi osefukira ndi mapulani a mizinda.

Kwa iwe mwana wanga, sindikulonjeza kuti zikhala zophweka, koma wafunsa nthawi ikadalipo, ndipo ambiri amafunsa atalembetsa kale. Ika QGIS, pulogalamu ya mapu, pakompyuta, ndi yaulere. Tenga zithunzi ziwiri za Landsat za Sundarbans, nkhalango ya mangrove ya ku Bangladesh ndi India, china cha m'ma 1990, china chaposachedwa, zonse za nyengo yopanda mitambo. Lemba mzere wa gombe pa chilichonse, yeza kusiyana kwake, kenako uwaonetse bambo. Ukatero undilemberenso, undiuzenso kuti masamu wapeza bwanji.