Kodi thupi limazolowera mankhwala?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti kale akamwa Bactrim, vuto lomva kuotcha pokodza linkatha m'masiku ochepa, koma pano akumwa osaona kusintha. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi thupi langa lawazolowera mankhwalawa?"

Mayi, thupi lanu lilibe mlandu. Amene asintha ndi mabakiteriya.

Tizilomboti timaswana mofulumira zedi. E. coli, yemwe kawirikawiri ndiye amayambitsa matenda a m'chikhodzodzo, amatha kugawikana pawiri mphindi 20 zilizonse akapeza pabwino. Mwa mamiliyoni obadwa chonchi, angapo amabadwa osiyanako pang'ono, mwangozi chabe. Mukamwa mankhwala ambiri aja amafa, osiyanawo n'kutsala, malo ndi chakudya chonse n'kukhala zawo. Akaswana, ana awo onse amakhala nkhutukumve.

Amapulumuka bwanji? Ena amatulutsa timadzi tophwanya mankhwala, monga mmene amachitira ndi penicillin ndi amoxicillin. Ena amawalavulira kunja asanagwire ntchito, pomwe ena amasintha pamalo pamene mankhwalawo amagwira. Chimene chimandiopsa ine n'chakuti amagawana nzeruzi. Bakiteriya amapatsira mnzake, ngakhale wa mtundu wina, kachidutswa ka DNA (malangizo a chibadwa cha chamoyo) kotchedwa plasmid, ngati anthu opatsana mbewu pamudzi. Choncho munthu angatenge tizilombo tosamva mankhwala m'madzi akuda kapena m'manja mwa wina, iye asanamwepo kapisozi ndi mmodzi yemwe.

Alexander Fleming, yemwe anatulukira penicillin mu 1928, anachenjezeratu mu 1945 kuti kumwa mlingo wochepa kudzalimbitsa tizilombo. Kwathu kuno zafika kale. Ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti pofika 2016, E. coli pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse opezeka m'magazi mwa odwala anali osamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone, pamene mu 2003 sankakwana ndi mmodzi yemwe pa 100.

Mabakiteriyawa timawathandiza tokha kulimba: makapisozi awiri ogula pa okala, otsala a mwana kupatsa mlongo wake, amoxicillin womwera chimfine chomwe chimayamba ndi vairasi osati bakiteriya, ngakhalenso mankhwala othira m'madzi a nkhuku zosadwala.

Ndiye mayi, musaonjezere mlingo nokha. Pitani kuchipatala, akakuyezeni mkodzo, ndipo mukawauze adokotala kuti Bactrim mwamwa kangati ndiponso kwa masiku angati.