Musanagule ma pickup ena, yambani mwatsitsa omwe muli nawowo

Mnyamata wina wa ku Lizulu, woimba gitala ya lidi m'bandi ya kutchalitchi kwawo, wanditumizira imelo. Akuti gitala yake, ya mtundu wa Stratocaster, inkamira m'phokoso la kiyibodi, ndiye anakweza ma pickup onse atatu (tizipangizo ta pansi pa nsambo totola mawu kupita ku ampu) mpaka kutsala pang'ono kukhudza nsambo. Mawu akweradi, koma akadina nsambo zikuluzikulu kufupi ndi thupi la gitala zikumveka monjenjemera, ndipo sizikuchunika. Akufunsa ngati agule ma pickup ena, kapena akhomerere timitu tachitsulo tooneka pamwamba pa ma pickupwo.

Achimwene, ndalama zanuzo sungani. Zomwe mwafotokozazi zikuchokera ku maginito. M'kati mwa pickup muli maginito ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo masauzande angapo. Nsambo ikamagwedezeka pamwamba pake, m'wayamo mumabadwa kamagetsi komwe ampu imakuza. Koma maginito omwewo amakokanso nsambo. Mukawayandikitsa kwambiri, nsambo sigwedezekanso momasuka: mawu amafa msanga, ena amatuluka opotoka. Vutoli limakula pa pickup ya kufupi ndi khosi la gitala, chifukwa pamenepo nsambo imavina motambalala kuposa kufupi ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo pathupi la gitala), komanso pa nsambo zikuluzikulu popeza zili ndi chitsulo chambiri.

Pezani rula yachitsulo yoonetsa mamilimita. Dinani nsambo pa fret yomalizira (kachitsulo kopingasa pakhosi komwe kali pafupi kwambiri ndi thupi la gitala), muyeze mpata kuchokera pakamutu ka pickup kufika pansi pa nsamboyo. Kampani ya Fender, yopanga Stratocaster, imati pa single coil wamba (pickup ya mzere umodzi wa timitu, ngati zanuzo) mpatawo ukhale mamilimita 2 ku nsambo yaikulu ya E, ndi 1.6 ku E yaing'ono. Pa amtundu wakale imati 2.4 ndi 2. Manambalawa ndi poyambira chabe, chigamulo ndi cha khutu lanu.

Pa gitala ngati yanuyi, kumanga ma screw awiri a m'mbali kumakweza pickup, kumasula kumatsitsa. Zunguzani theka lokha, muimbe, mumvere, kenako mubwerenso. Osamasula mpaka screw kutulukiratu, chifukwa kuti muibwezere mudzachotsa nsambo ndi pulasitiki yonse yapamwamba. Ampu ikhale yopanda distortion (kukhakhalitsa mawu dala), voliyumu ikhale ya Lamlungu yeniyeni. Ine ndimayamba ndi pickup ya ku bridge, poti ndiyo imakhala yoonda mawu, kenako ndimatsitsa zinazo mpaka zilingane nayo, kuti posintha switch nyimbo ili m'kati wosakaniza mawu asadzidzimuke.

Za timitu tija, chonde musatikhome. Pa ma Stratocaster ambiri, timituto ndi maginito enieniwo, a mtundu wa alnico, ndipo kawirikawiri waya anaukulunga mochita kukhudzana nato. Kukankha kamodzi kokha waya akhoza kuduka, pickup n'kukhaliratu chete, ndipo wodziwa kukulunganso ndi wosowa. Kusiyana msinkhu kwa timituto sikuti n'kuwonongeka ayi. Gitala imeneyi itatuluka mu 1954, nsambo ya G inali yokulungidwa, ya mawu ofooka, choncho kamutu kake anakakweza dala. Lero ambiri timaika G yosalala, n'chifukwa chake imakuwa kuposa zinzake. Ikakuvutani, tsitsani pang'ono pickup yonse.

Amene ali ndi humbucker, pickup ya mizere iwiri ya timitu yomwe anakonza Seth Lover ku kampani ya Gibson n'kuyamba kuoneka pa gitala ya Les Paul mu 1957, ali ndi mwayi. Mzere umodzi wa timitu take ndi ma screw opangidwira kuzunguza. Nsambo imene ikumveka motsika, kawirikawiri D, mumakweza kamutu kake pang'ono, yokuwa mumaitsitsira. Koma izi zimabwera pambuyo pake, msinkhu wa pickup yonse utakhazikika.

Musanayambe zonsezi ikani nsambo zatsopano, muonenso ngati khosi lili bwino. Kuno ku Dedza ndi Ntcheu thabwa limasuntha pakati pa chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa m'chilimwe, ndipo nsambo zikakwera kapena kutsika, muyezo wa pickup wasinthanso.

Tsono vuto lomwe munayambira lija, la kumira m'kiyibodi, mankhwala ake ali pa ampu. Onjezerani mid (mawu apakatikati), muchepetse bass, ampuyo muichotse pansi muikweze pampando kuti iloze kumakutu. Mukambiranenso ndi wa kiyibodi kuti nthawi ya lidi azichepetsako dzanja lamanja, chifukwa mawu ake ndi anu amakumana pamalo amodzi.